Kodi ululu umadikira mawu?

Jeffrey Lawson anabadwa mu February 1985 ku America, kudakali miyezi itatu kuti masiku ake akwane. Pa sikelo sanafike ngakhale kilogalamu imodzi. Kamtsempha kena ka pafupi ndi mtima, kamene kamayenera kutsekeka kokha mwana akangobadwa, kanakhalabe kotseguka, choncho madokotala a pachipatala china cha ana ku Washington anaganiza zomuchita opaleshoni. Anamung'amba kuyambira pachifuwa kuzungulira mpaka kumsana, anakankha nthiti, n'kumanga kamtsemphako. Ntchitoyi inatenga ola limodzi ndi theka. Mankhwala okhawo amene anamupatsa ndi pancuronium, amene amafooketsa minofu kuti wodwala asagwedezeke. Mankhwalawa sagonetsa ndipo sapha ululu. Mwanayo sakanatha kulira kapena kusuntha ngakhale chala. Anamwalira patapita milungu isanu.

Mayi ake, a Jill Lawson, anadziwa zimenezi maliro atachitika kale. Atayamba kufunsa, dokotala wogonetsa odwala anawayankha zinthu ziwiri. Choyamba, mwanayo anali wofooka kwambiri moti mankhwala ogonetsa akanamupha. Chachiwiri, panalibe amene anali atasonyezapo kuti makanda obadwa masiku asanakwane amamva ululu. Dokotalayo sanali wouma mtima kuposa anzake. Anangonena zimene anaphunzitsidwa, zomwenso zipatala zambiri za ku America ndi ku Ulaya zinkachita masiku amenewo. Mayiwo analemba makalata uku ndi uku, ndipo nyuzipepala ya Washington Post itatulutsa nkhaniyi mu 1986, makolo ambiri anagwira pakamwa.

Akuluakulu amati wamva m'mimba ndiye atsegula chitseko. Mwambiwu umaganizira munthu wa miyendo ndi pakamwa, amene akhoza kudzuka usiku n'kunena chimene chamuvuta. Khanda silitsegula chitseko. Mkangano umene madokotala ndi akatswiri a maganizo a ana akhala nawo kwa zaka zoposa 80 wagona pomwepo: kodi ululu umabadwira limodzi ndi mwana, kapena umadikira kuti ubongo ukhwime, mwana adzizindikire, n'kupeza mawu oti "pakundiwawa"?

Mbali yoyamba, yoti ululu umadikira, ndi yofunika kuimvetsera bwino, chifukwa si yopusa monga imamvekera lero. Mfundo yake yaikulu ndi yakuti thupi kuthawa chinthu chovulaza ndi nkhani ina, munthu kumva kuwawa ndi nkhani inanso. Mayi akakhudza chivundikiro cha poto wotentha pa mbaula, dzanja limathawa lokha, "mayo!" amabwera pambuyo. Uthenga wochokera kuchala umangofika mumtsempha waukulu wa m'kati mwa msana n'kubwerera ku minofu usanakwere ku ubongo. Nkhuku yodulidwa mutu imaphiriphitha pabwalo, koma palibe amene amati ikudziwa chimene chikuichitikira. Ndiye khanda likakoka mwendo ndi kulira, amatero a mbali iyi, tidziwa bwanji kuti si thupi lokha limene likuyankha, mwini wake kulibe?

Maganizowa anali ndi kafukufuku wake. Mu 1941 katswiri wa kakulidwe ka ana wa ku New York, Myrtle McGraw, anafalitsa zimene anapeza atabaya ana ndi kaphini mobwerezabwereza, kuyambira atangobadwa mpaka atakula. Ongobadwa kumene ankagwedezeka thupi lonse osalunjika pamene abayidwa, ndipo ena sankasonyeza kanthu. Kulozera malo owawa kunkabwera pakapita miyezi. McGraw anati pamasiku oyambirira gawo la pamwamba la ubongo silikhala litayamba kugwira ntchito imeneyi. Ena anawonjezera kuti mitsempha ya khanda sikhala itakutidwa mokwanira ndi mafuta otchedwa myelin, amene amafulumizitsa uthenga. Pamwamba pa zonsezi panali mantha enieni: mankhwala ogonetsa a nthawi imeneyo ankatsitsa kuthamanga kwa magazi ndi kuimitsa kupuma, ndipo makanda ankafadi nawo. Dokotala amene akuopa kupha mwana savutika kukhulupirira chiphunzitso chomuuza kuti mankhwalawo ndi osafunika.

Kenako panabwera nkhani ya mawu. Mu 1968 namwino wotchuka wa ku America, Margo McCaffery, anaphunzitsa kuti ululu ndi chilichonse chimene wodwala wanena kuti akumva. Cholinga chake chinali chabwino: anamwino asiye kukayikira odwala. Mu 1979 bungwe la akatswiri a za ululu padziko lonse, International Association for the Study of Pain, linamasulira ululu mwa njira yotsamira kwambiri pa zimene munthu angafotokoze, n'kuwonjezera kuti aliyense amaphunzira tanthauzo la liwuli kudzera m'kuvulala kwa paubwana. Popanda amene anafuna kutero, wosalankhula anatsala panja.

Munthu amene anaimirira mbali imeneyi molimba mtima m'zaka zaposachedwapa ndi katswiri wa maganizo wa ku Britain, Stuart Derbyshire. M'nkhani yake ya mu 2006 m'magazini ya British Medical Journal, yokamba za mwana wosabadwa, ananena kuti mitsempha payokha sikwanira. Kuti munthu amve ululu ayenera kutha kusiyanitsa chimene chikumuchitikira ndi phokoso lina lonse la m'thupi ndi la kunja, ndipo luso limenelo limakula pang'onopang'ono mwana akamakhala ndi anthu amene amamulozera zinthu n'kumazitchula maina.

Akatswiri a chinenero cha ana ali ndi zimene zingaoneke ngati zikuikira umboni maganizowa. Elizabeth Stanford, Christine Chambers ndi Kenneth Craig a ku Canada anasanthula zolankhula za ana olankhula Chingelezi, ndipo mu 2005 anasonyeza kuti timawu ta ululu monga "ow" ndi "ouch" timayamba kumveka mwana ali ndi miyezi pafupifupi 18, pamene liwu lenileni lotanthauza ululu limachedwa zaka zingapo ndipo ana salikonda. Ku New Zealand, Gabrielle Simcock ndi Harlene Hayne anasewera ndi ana a zaka ziwiri ndi zitatu pa makina oseweretsa amene ankaoneka ngati akuchepetsa zidole: ulowetsa chidole chachikulu, chituluka chaching'ono. Atabwerako patapita miyezi isanu ndi umodzi kapena chaka, anawo ankakumbukira kayendetsedwe ka makinawo ndi manja awo. Koma pofotokoza, palibe ngakhale mmodzi amene anagwiritsa ntchito liwu limene sankalidziwa tsiku la masewerowo, ngakhale kuti tsopano anali atalidziwa. Zimene zinalowa popanda mawu zinakana kutuluka ndi mawu. Mwina n'chifukwa chake palibe munthu amene amakumbukira tsiku limene mchombo wake unagwa.

Apa m'pamene mbali yoyamba inaterereka. Kusakumbukira chinthu si umboni wakuti sunachimve. Chichewa chimathandiza kuona pamene panasokonekera, chifukwa mneni mmodzi, kumva, amasenza katundu wambiri: khutu limamva, mphuno imamva fungo, thupi limamva kuzizira, ndipo mphunzitsi akafunsa kuti "mwamva?" akufunsa ngati mwazindikira. Mwana wa sabata imodzi samva Chichewa, koma palibe mayi amene anganene kuti samva njala. A mbali yoyamba anatenga kumva kwa kuzindikira n'kukuika kukhala khomo lolowera ku kumva kwa thupi.

Ndipo ngati vuto likanakhala mawu okha, ana olankhula akanathandizidwa. Sizinali choncho. Mu 1977 namwino Joann Eland wa ku Iowa anafalitsa zimene anapeza m'mafayilo a ana 25 a msinkhu woyamba sukulu amene anachitidwa opaleshoni, ena mwa iwo zikuluzikulu. Ana 13 sanapatsidwe mankhwala opha ululu ngakhale kamodzi. Otsalawo, onse pamodzi, anapatsidwa ka 24. Akuluakulu 18 a matenda ofanana nawo anapatsidwa ka 671. Ana amenewa anali ndi pakamwa, chitseko ankatsegula ndithu, koma kunja kunalibe womvetsera.

Mbali yachiwiri, yoti ululu umabadwira limodzi ndi mwana, inapeza mtsogoleri wake ku Oxford. Kanwaljeet Anand, dokotala wachinyamata wochokera ku India, anaganiza zofunsa magazi m'malo mofunsa mwana. Pamodzi ndi Albert Aynsley-Green anagawa pawiri makanda obadwa masiku asanakwane amene ankachitidwa opaleshoni yofanana ndi ya Jeffrey. Gulu lina linalandira zimene zinkaperekedwa masiku onse, mpweya wogonetsa pang'ono ndi mankhwala ofooketsa minofu. Linalo linawonjezeredwa fentanyl, mankhwala amphamvu opha ululu. M'magazi a gulu loyamba, mahomoni amene thupi limatulutsa likapanikizika anakwera kwambiri, shuga anasokonekera, ndipo mavuto a pambuyo pa opaleshoni anachuluka. Zotsatirazi zinatuluka m'magazini ya The Lancet kumayambiriro kwa 1987. Chodabwitsa n'chakuti aphungu ena a nyumba ya malamulo ku Britain anadzudzula ofufuzawo kuti anazunza makanda a gulu loyamba, osadziwa kuti makandawo anangolandira chithandizo chimene zipatala zinkapereka tsiku ndi tsiku. Chaka chomwecho bungwe la madokotala a ana la American Academy of Pediatrics linalengeza kuti msinkhu wa khanda si chifukwa cholimanira mankhwala ogonetsa, ndipo mu November Anand ndi Paul Hickey anasonkhanitsa umboni wonse m'magazini ya New England Journal of Medicine. Nkhani ya myelin inagwa mosavuta. Ngakhale mwa munthu wamkulu, mitsempha yambiri yonyamula uthenga wa ululu ilibe mafuta amenewa, ndipo m'kathupi kakang'ono uthenga suyenda mtunda wautali.

Patapita zaka khumi, Anna Taddio wa ku Toronto anasonyeza kuti thupi limasunga zimene pakamwa sipangafotokoze. Anatsatira makanda aamuna 87. Ena sanadulidwe, ena anachitidwa mdulidwe atangobadwa atapakidwa mankhwala ochititsa dzanzi, ndipo ena anapakidwa mafuta opanda mankhwala. Atafika miyezi inayi kapena isanu ndi umodzi, onse anajambulidwa pa vidiyo akulandira katemera. Amene anadulidwa popanda mankhwala ndi amene anakwinya nkhope ndi kulira kwambiri. Osadulidwa analira pang'ono, ndipo opakidwa mankhwala anali pakati. Ku Vancouver, Ruth Grunau ndi anzake anawerenga kuti khanda lililonse lobadwa masiku asanakwane labayidwa kangati lili m'chipatala, ndipo anapeza kuti obayidwa kwambiri ubongo wawo unkakula mosiyana ndi anzawo, ngakhale atachotserapo kukula kwa matenda awo.

Kenako ubongo weniweniwo unajambulidwa. Mu 2015 gulu la Rebeccah Slater ku Oxford linalowetsa makanda khumi, a tsiku limodzi mpaka masiku asanu ndi limodzi, m'makina a MRI. Ankawakankha kuphazi ndi kachitsulo, mopepuka moti ambiri sankadzuka n'komwe. Anachita chimodzimodzi ndi akuluakulu khumi. Mwa zigawo 20 za ubongo zimene zinayaka mwa akuluakulu, 18 zinayakanso mwa makanda. Ndipo makandawo ankayankha pa mphamvu yochepa kanayi poyerekeza ndi imene akuluakulu ankafunika. Kusakhwima kwa mitsempha, kumene kale kunkatengedwa ngati chishango, kunapezeka kuti n'kumene kumasiya khanda pambalambanda, chifukwa njira zochokera ku ubongo zimene zimachepetsa ululu ndi zimene zimachedwa kukhwima.

Anand ndi Kenneth Craig anali atadzudzula kale tanthauzo la ululu la 1979 lija m'nkhani yawo ya mu 1996. Ngati ululu umafuna mawu, nanga gogo amene sitiroko yamulanda chilankhulo? Nanga munthu wolumala amene sanalankhulepo chibadwire? Mu 2020 bungwe lija linakonzanso tanthauzolo, n'kunena poyera kuti kufotokoza ndi mawu ndi njira imodzi chabe mwa njira zingapo zosonyezera ululu. Chaka chomwecho Derbyshire, polemba limodzi ndi John Bockmann m'magazini ya Journal of Medical Ethics, anavomera kuti pakhoza kukhala ululu wosaphika, wongomveka pomwepo, umene sufuna kuti mwini wake athe kuusinkhasinkha. Si kawirikawiri katswiri kubweza mawu ake pagulu, ndipo pamenepa munthuyu ayenera kupatsidwa ulemu wake.

Munthu angaganize kuti mlandu unathera pamenepo. Koma mbali yoyamba, ngakhale inagonja pa funso lalikulu, inasiya minga ingapo imene mbali yachiwiri ikuvutika kuizula mpaka lero.

Munga woyamba ndi zithunzi za ubongo zija. Zigawo ziwiri zimene sizinayake mwa makanda ndi zokhudza mantha ndi kuyeza tanthauzo la chinthu. Komanso mu 2016 ofufuza a ku Britain anajambula anthu awiri amene anabadwa ndi vuto losamva ululu ngakhale pang'ono. Atawabaya, zigawo zomwe zija zinayaka ngati za munthu wina aliyense. Ndiye kuti zigawozo zimayakira chilichonse chodzidzimutsa thupi, osati ululu wokha. Chithunzi cha ubongo ndi mboni, koma si mboni yoona ndi maso.

Munga wachiwiri ndi wa shuga. M'zipatala zambiri, asanatenge magazi kuchidendene cha khanda, amalidonthezera madzi a shuga palilime. Aliyense amene anaonererapo amadziwa mmene zimakhalira. Namwino amagwira kaphazi, kabaya, n'kufinya kuti magazi adonthe. Khanda losapatsidwa kanthu limatsinzina mwamphamvu, nsidze zimatundumuka, mizere ya m'mbali mwa mphuno imazama, kenako kulira kumatuluka. Lopatsidwa shuga limangonyambita, nkhope ili phee. Mu 2010 Slater, ali ku London limodzi ndi Maria Fitzgerald, anayesa zimenezi pa makanda 59, ena shuga ena madzi chabe, atawamata timawaya toyeza ubongo pamutu. Nkhope za opatsidwa shuga zinadekhadi. Koma uthenga wa kubayidwa unafika mu ubongo ndi mphamvu yofanana m'magulu onse awiri, ndipo miyendo inakoka mofanana. Kodi shuga amapha ululu, kapena amangotseka pakamwa? Akatswiri akukanganabe. Chimene chinaonekera n'chakuti nkhope ndi kulira, zimene mbali yachiwiri inkaziyesa chinenero cha khanda, nazonso zikhoza kunena zosiyana ndi za m'kati. Gulu la ku Oxford linapezanso mu 2018 kuti kusisita khanda pang'onopang'ono, masentimita atatu pa sekondi, kumachepetsa uthengawo mu ubongo, koma atayesa pa makanda oposa 100, makolo awo ndiwo akusisita, zotsatira za mu 2024 sizinasonyeze kusiyana.

Munga wachitatu ndi mantha akale aja a mankhwala, amene sanali bodza. Anand yemweyo anatsogolera kafukufuku wamkulu wa makanda 898 opumira makina, amene anatuluka mu 2004. Morphine sanachepetse imfa kapena kuvulala kwa ubongo, ndipo mwa ena anatsitsa kuthamanga kwa magazi. Mu 2018 kafukufuku wina wa ku Oxford, womwetsa morphine makanda asanawayeze maso, anaimitsidwa atangofika pa makanda 31, chifukwa ambiri mwa omwa mankhwalawo anayamba kubanika kupuma, ndipo panalibe chizindikiro chakuti ululu wachepa. Kuvomereza kuti khanda limamva kuwawa n'kosavuta kusiyana ndi kupeza chimene ungalipatse osalivulaza. Mwina n'chifukwa chake zochita zikutsalira m'mbuyo. Ricardo Carbajal atawerenga zimene zinkachitikira makanda 430 m'zipatala za m'dera la Paris, anapeza mu 2008 kuti khanda lililonse linkachitidwa zinthu zowawa pafupifupi khumi patsiku, ndipo pa zisanu zilizonse, zinayi zinkachitika popanda chilichonse choperekedwa mwapadera kuti chichepetse ululu. Apa n'kuti patapita zaka 20 chitulukireni nkhani ya Anand.

Palinso chinthu chimodzi chimene mbali yoyamba inaona molondola, ngakhale inachiika pamalo olakwika. Mawu sabala ululu, koma akafika amauumba. Katswiri wa nzeru zakuya wa ku Austria, Ludwig Wittgenstein, ankaganiza kuti mwana akavulala amayamba ndi kulira, akuluakulu n'kumuphunzitsa timawu tofuula, kenako ziganizo, mpaka mawu amalowa m'malo mwa kulira. Mbali zonse ziwiri zimamukokera kwawo, koma wowerenga mosamala aona kuti m'maganizo amenewa kulira ndiko kumayamba. Mwana wolankhula Chichewa amayamba ndi "mayo", kenako "pakuwawa", ndipo zimamutengera zaka kuti asiyanitse m'mimba mopota ndi moluma, mutu wogunda ndi waching'alang'ala, kubaya kwa m'nthiti ndi kuphwanya kwa m'thupi. Dokotala amadalira kwambiri mawu amenewa. Ana a zaka zitatu ndi zinayi akapatsidwa kapepala ka nkhope zoyambira yosawawidwa mpaka yowawidwa kwambiri, ambiri amangoloza yakumapeto uku kapena yakumapeto uko. Zapakati sizinawafikebe.

Mawu a akuluakulu nawo ali ndi mphamvu imene makolo ambiri saiganizira. Meghan McMurtry wa ku Canada anajambula ana 100 a zaka zisanu mpaka khumi akutengedwa magazi, kenako anawaonetsa vidiyo ya makolo awo. Pamene kholo linkanena mawu olimbitsa mtima, a mtundu wa "usaope, palibe vuto", anawo ankaona kuti khololo lili ndi mantha kusiyana ndi pamene linkakamba nkhani zina. Mwana amadziwa kuti "usaope" sanenedwa popanda choopsa. Melanie Noel, wa ku Canada komweko, anauza ana a zaka 8 mpaka 12 kuti aviike dzanja m'madzi ozizira kwambiri, n'kuwafunsa patapita milungu iwiri mmene zinawawira. Atabwereza kuviikako, chimene chinalosera bwino ululu wachiwiri si ululu umene anamva tsiku loyamba, koma umene ankaukumbukira. Nkhani imene mwana wadziuza, kapena wauzidwa, imakhala mbali ya jekeseni wotsatira.

Ku Malawi mkanganowu si wachilendo, ngakhale sunachitikire m'magazini. Dzina la Blantyre limadziwika m'zipatala za ana m'mayiko otentha chifukwa cha vuto lomweli la wodwala wosalankhula. Muyeso wa Glasgow wa 1974, woyezera kukomoka, umafuna kuti wodwala ayankhe mafunso ndi kumvera zimene wauzidwa. Mwana wa chaka chimodzi amene wakomoka ndi malungo a mu ubongo sangachite zimenezo ngakhale atatsitsimuka. Malcolm Molyneux ndi Terrie Taylor, akugwira ntchito pa chipatala cha Queen Elizabeth, anakonza muyeso wina umene unafalitsidwa mu 1989, wochokera pa ana 131. Dokotala amaona ngati maso a mwana akutsatira nkhope ya mayi ake. Kenako amakanikiza chikhadabo ndi pensulo yogoneka, kapena kutikita fupa la pachifuwa ndi mfundo za zala. Mwana akangokoka dzanja amapeza 1, koma akalunjika pamalo owawawo kuti achotse chomuvutacho amapeza 2. Akabuula kapena kulira modabwitsa amapeza 1, akalira kulira kwenikweni amapeza 2. Zonse pamodzi zimafika 5. M'kamuyeso kameneka mbali zonse ziwiri zikukhala nyumba imodzi. Kamavomereza kuti kukoka dzanja chabe ndi chinthu chotsika, monga a mbali yoyamba ankanenera. Koma kamawerengera kulira kwa mwana mofanana ndi kulankhula kwa wamkulu, ngati chizindikiro chakuti mwini thupi alimo.

Nkhaniyi ikukhudza dziko lino mwa njira inanso. Lipoti la padziko lonse la 2012 linaika Malawi pamwamba pa mayiko onse pa kubadwa kwa ana masiku asanakwane, pafupifupi 18 pa ana 100 alionse. Amenewa ndi makanda amene amabayidwa kwambiri. Njira ya kangaroo, yogoneka khanda pachifuwa cha mayi khungu kukhudza khungu n'kulimanga ndi chitenje, inayambira ku Bogotá mu 1978 chifukwa chosowa makina ofunditsira ana, ndipo ku Malawi inayambira pa chipatala chachikulu cha Zomba mu 1999. Cholinga chinali kutentha ndi kuyamwitsa. Koma kafukufuku wa m'mayiko angapo wasonyeza kuti khanda lobayidwa lili pachifuwa chotero silikwinya nkhope kwambiri, silichedwa kutonthola, ndipo mtima wake suthamanga kwambiri. Wokumbukira nkhani ya shuga ija adzafunsa ngati zimenezi zikufika mu ubongo. Funsolo ndi loyenera. Koma chifuwa cha mayi sichibanikitsa kupuma ngati morphine, ndipo sichigulidwa.

Poyeza zonsezi, mbali yachiwiri ndi imene ili ndi mlandu wolimba. Palibe amene angalowe m'mutu mwa khanda, monganso palibe amene angalowe m'mutu mwa mnzake wamkulu. Munthu amakhulupirira ululu wa mnzake chifukwa thupi la mnzakeyo ndi lofanana ndi lake ndipo likuchita zimene iye amachita akawawidwa. Khanda lili ndi mitsempha yomweyo, mahomoni omwewo, nkhope yomweyo, ndipo limasunga chipsera m'kachitidwe kake kwa miyezi. Kulakwitsa poganiza kuti limamva kumawonongetsa kamphindi ka namwino. Kulakwitsa poganiza kuti silimva kunabala opaleshoni ya Jeffrey Lawson. Chimene mbali yoyamba yatsala nacho ndi chenjezo lakuti ululu wa khanda sungakhale chimodzimodzi ndi wa munthu wamkulu. Khanda silidziwa kuti jekeseni ndi wa mphindi imodzi, silidziwa kuti ndi wolithandiza, silingadziuze kuti zitha. Kale anthu ankati zimenezi zimachepetsa ululu. Zikhozanso kuukulitsa.

Mu 2015 bungwe la World Health Organization linatulutsa malangizo ochepetsa ululu pa katemera: mwana anyamulidwe ndi womulera, ayamwe pa nthawi yobayayo kapena itatsala pang'ono, katemera wowawa kwambiri abwere pomaliza, ndipo wobayayo alankhule mawu wamba, osaopseza komanso osanama kuti sipawawa. Kusikelo, m'mawa wa tsiku la katemera, malangizowa amakumana ndi mzere wautali wa amayi pabenchi, mabuku a kuchipatala ali m'manja. Mayi wina wafika kutsogolo ndi khanda la milungu isanu ndi umodzi. Walimasula kumsana, walikhazika pamiyendo, wavundukula kantchafu. Mlangizi wa zaumoyo akuti, "Muyamwitseni, mayi." Singano ikulowa. Kwa kamphindi khandalo langoti zii, kukamwa kuli yasa, nkhope yonse yakwinyika, kenako mawu akutuluka. Mayi akulibwezera bere, akuligwedeza, "pepa, pepa, tonthola bambo," ndipo kulirako kukusanduka kusisima.

Pambali pa benchi paima mkulu wake wa zaka zitatu, atagwira nsonga ya chitenje cha mayi ake. Dzulo lomweli, atakana kusamba, anauzidwa kuti akapitiriza mwano adokotala akamubaya jekeseni. Lero si tsiku lake, ndipo palibe amene wamukhudza. Iye anayamba kulira akulowa pageti.